Thovu m'Mabuleki

Jealous anali ndi ngongole ya mabuleki kwa Domingas, ndipo ngongoleyo inali itayamba kununkha. Mbuzi ya malipiro Jealous anatenga kale. Mbuzi yaikazi, yabere, yoti munthu wanzeru sakanaitulutsa m'khola. Domingas anaikoka yekha ndi chingwe kuchoka kukomboni mpaka kumagirosa, pa masitolo paja, kumene Jealous ankakonzera mamota, anaimanga pamtengo, ndi kunena mawu ochepa: mota igwire mabuleki, basi. Mbuzi inaswa ana awiri pakhomo pa Jealous. Mota inabwerako yodwala monga inapitira.

Motayo inali galimoto ya malemu mwamuna wa Domingas, a Januario. Inali ija yakalekale ya papulazi, yokoka ndi matayala onse anayi, yokwera ngakhale pomwe ng'ombe yakana. Anaigula kwa Jealous yemweyo chaka chimene anasamukira kuno ku Wedza kuchokera ku Concession, mapulazi atagawidwa kale. Tsopano ankaiyendetsa Passmore, mwana wamwamuna yekhayo amene Mulungu anamusiyira Domingas. Ndipo m'bandakucha wa tsiku lotsatira, Passmore ankayenera kupakira mabelo a fodya, kukweza mkazi wake Nomatter, yemwe anali woyembekezera ndipo masiku ake anali atayandikira, ndi kunyamuka wa ku Marondera. Njira yotsikira kukomboniko ndi imodzi yokha: mtsetse wa Gomba, wautali, wamiyala, wokhota kawiri, wothera pa kamlatho kopanda chotchinga.

"Amai, pachidikha imagwira bwinobwino," Passmore anali atanena m'mawa wa tsikulo, akukanda m'mutu. "Koma dzulo pa Gomba ndangomva phazi likulowa ngati ndaponda phala. Mwayi inalibe katundu."

Domingas anamanga duku ndi kutsika.

Jealous anamuonera patali nazemba. Domingas anakhala patayala lakale pakhomopo, dzuwa linapendeka, linalowa, iye ali pomwepo, akuyang'ana mbuzi yake ikuyamwitsa ana pabwalo la munthu wina. Mwini khomo anatulukira mdima utagwira, akununkha mowa, akuganiza kuti mayiyo wapita.

"Aa, Mai Passmore! Mukadali pano?"

"Ayi, ndapita. Uyu ndi mzukwa wanga. Nyamulani masipanala, tiyeni."

"Mota ija ilibe vuto, mai. Mwana wanu ndi amene sadziwa kuyendetsa. Amagonera pa buleki."

"Kagoneni inuyo pansi pa motayo, muone. Tiyeni."

"Kumtunda? Kwada chonchi? Aibweretse kuno mawa."

"Aibweretse podzera kuti? Kumwamba? Potsika pomwepo ndi pomwe ikufuna kumupha, inu mukuti atsike adzakupezeni! Mbuzi yanga inatsika yokha, inu mukwere nokha."

"Mawondo, mai. Ine pa mlatho paja sindidutsa."

Zimenezo aliyense ankazidziwa. Jealous sankakwera kukomboni, kaya kuli maliro kaya kuli ukwati. Anthu ankati ndi ulesi. Analowa m'nyumba, nakhoma chitseko, kumusiya Domingas akumutchula mayina onse amene anawadziwa m'Chichewa, kenako m'Chishona, kenako aja a ku Tete amene mayi ake ankasungira agalu akuba mazira.

Mkazi wa Jealous, Lilian, anatuluka mwamanyazi atanyamula nyali.

"Gonani konkuno, mai. Mudzanyamuka m'mawa."

"Ndigone m'nyumba ya wakuba, ndizimva mbuzi yanga ikulira kuseri? Mwana wanga akunyamuka nkhuku zisanatsike."

"Ndiye mukafika pa mlatho musaime," anatero Lilian, mawu ali pansi.

"Ndiimirenji? Pali msika?"

Ananyamuka.

Mwezi unali theka, wofiirira ndi utsi wa moto wa m'tchire. Foni inali itazima kalekale. Domingas anadutsa mabalani akale a fodya omwe malata ake anthu anagawana, nadutsa waya wodulidwa, mkwiyo ukumuyendetsa ngati mtsikana. Mantha analibe malo. M'mimba monse munali Jealous. Ankalankhula yekha mokweza, akumuweruza, akumumanga, akumuika m'manda, ndi kumufukulanso kuti abweze mbuzi.

Chinayamba ndi fungo.

Fungo la chinthu chopserera. Osati udzu. Osati makala. Linali ngati chitsulo choiwalika pamoto, chosakanikirana ndi mphira. Domingas analidziwa. Ndi lomwe mota inkabwera nalo ikatsika Gomba.

Anaima. Kunalibe mota. Kunalibe nyali.

Kenako phokoso, cha ku mlatho.

Du... du.

Chete.

Du... du.

Achule amene ankasokosera mumtsinje anali atasiya onse pamodzi.

Pa chipilala chothyoka cha mlathowo panali munthu. Anakhala chowerama, manja ali kutsogolo ngati wagwira chinthu chozungulira chimene panalibe. Anavala ovololo ya antchito a papulazi, ija yakale yolembedwa kumsana, yoti masiku ano suionanso. Phazi lakumanzere linali m'jombo. Lakumanja linali lopanda kanthu, ndipo ndi limene linkamenya pansi. Du... du.

Domingas anatola mwala.

"Ngati ndinu tsotsi mwachedwa. Andibera kale."

Munthuyo sanadzutse mutu.

"Pachidikha imagwira?" anafunsa.

Mawu ake anali ouma ngati a munthu wameza fumbi.

"Chiyani?"

"Mota yanu, mayi. Pachidikha imagwira?"

Domingas anaganiza kuti ndi mmodzi wa zidakwa za kumagirosa amene anamumva akukalipa. Theka la Wedza linali litamumva.

"Imagwira. Nanga inu zikukukhudzani pati?"

"Apa ndi pomwe imathera," anatero munthuyo, akusisita chipilala chija. Kenako anaimirira.

Domingas anawoloka mlatho mwachangu, nayamba chitunda. Munthu uja anali pambali pake. Sanamumve akubwera. Ankangoyenda, jombo kwe, phazi du... du, ndipo kuchokera kwa iye kunkabwera kutentha ngati wayandikira ng'anjo ya balani.

"Ikatsika kufika pakati, chopondera chimamira?"

"Akutero mwana wanga."

"Akachiponda kawiri chimabwerera pang'ono?"

"Sindikudziwa, sindine dalaivala. Ndipo tamverani, bambo. Ngati mukufuna ganyu, ine ndilibe chokupatsani. Ndinalipira kale mbuzi kwa mbava ina."

"Ine ndinalipira kale, mayi."

Anakwerabe. Mtsetse wa Gomba pokwera umadula mpweya ngakhale wa mnyamata, ndipo Domingas ankapuma ngati mvukuto. Mnzakeyo ayi. Mayiyo anatchera khutu. Anamva mpweya wake yekha.

Wa munthu mmodzi.

Anafinya mwala uja m'manja.

Anafika pokhota pa m'munsi, pomwe msewu umapendekera kuphompho. Munthuyo anatambasula dzanja kuloza kumanzere.

"Apa imakokera uku. Tayala lakutsogolo lakumanja siligwira. Mukayang'ane paipi yake. Mukaipeza yophwanyidwa ndi hamala."

"Yophwanyidwa ndi ndani?"

"Ikamadontha, amaitseka choncho. Akuti matayala atatu akwana."

Du... du.

"Ikaima, ndi kuzizira, imachira ngati sinadwalepo?"

Ndi zimenezo zomwe zinkamusokoneza Passmore. Ndi zimenezo zomwe Jealous ankadzitchinjiriza nazo: taponda, ikugwira iyi, mukundinamiziranji?

"Imachira," anayankha Domingas.

"Mafuta a mabuleki sachita zimenezo. Amachita zimenezo ndi madzi. Madzi amawira, mayi. Pamtsetse chitsulo chimatentha, madzi amawira, phazi limaponda nthunzi."

"Madzi alowamo bwanji?"

"Mukatsegule kabotolo ka mafuta a mabuleki kutsogolo. Muviikemo chala. Mutikite."

Anakwerabe. Domingas ankafuna kumuyang'ana munthuyo kumaso, khosi linkakana. Anaona manja okha. Zala zinali zopindika, zogwirabe chinthu chija chosaoneka, ndipo zinkanjenjemera monga chimanjenjemerera chiwongolero pamiyala.

Pokhota pa m'mwamba munthuyo anaima pang'ono.

"Apa giya inakana."

Inakana? Osati imakana?

Anayendanso.

"Apa ndinakoka buleki ya pamanja. Waya anaduka."

Domingas anayamba Tikuoneni Mariya. Mawu anasokonekera m'kamwa.

"Apa ndinaponda kawiri. Katatu. Ndinaimirira pa icho ndi thupi lonse... Chikadali chopindika, mayi?"

"Chiyani?"

"Chopondera. Chinapindikira kumanzere."

Mwala unagwa m'manja mwake.

Chopondera cha mabuleki cha mota ija chinali chopindika kuyambira tsiku limene a Januario anaigula. Ankachiseka. Ankati mwini wake woyamba anali ndi phazi la njovu. Palibe chidakwa cha kumagirosa chimene chikanadziwa zimenezo. Palibe!

Du... du.

Du... du.

Kutentha kunakula. Fungo linadzaza m'mphuno. Kwinakwake, pafupi kwambiri, zitsulo zinkalira ngati mota ikutsika mosadziletsa, koma msewu unali wopanda kanthu, woyera ndi mwezi.

Ndiye mkwiyo unabwerera. Unabwera wonse, kuposa mantha. Domingas anaima pakati pa msewu, manja m'chiuno.

"Tamverani, kaya ndinu ndani! Ine ndili ndi mwana mmodzi. Mmodzi! Ngati mwabwera kudzamutenga, bwererani komwe mwachokera. Ngati mwabwera kudzathandiza, lankhulani zomveka muzipita. Ndatopa ndi amuna ozungulira nkhani lero!"

Anali atafika pamwamba, pa mitengo ya bulugamu pomwe pali manda a antchito akale a pulaziyo. Munthuyo anaima m'mphepete mwa mithunzi. Phazi linaleka kumenya.

"Asakwere," anatero. "Ngakhale iponde bwino m'mawa, asakwere."

"Ndamva."

"Ndipo mukamuuze Jealous. Anandituma. Anati, kaiyese pa Gomba, ubwere udzandiuze ngati ikugwira. Ndakhala ndikumudikira pa mlatho, sabwera."

Kenako anawonjezera: "Mukamuuze kuti Bizwell akuti sinagwire."

Mphepo inawomba m'mabulugamu. Domingas anaphethira.

Panalibe munthu.

Fungo lokha...

Anathamanga. Mayi wamkulu, wa zidzukulu, anathamanga mpaka patapata imodzi inatsala m'njira, ndipo sanaibwerere.

Chitseko cha Passmore anachimenya ndi zibakera ziwiri.

"Dzuka! Tenga tochi!"

"Amai, kwagwanji? Munali kuti?"

"Tsegula boneti, usandifunse ngati wapolisi."

Mota inali itapakiridwa kale, mabelo atamangidwa mpaka pamwamba, chikwama cha Nomatter chili pampando wakutsogolo. Passmore anatsegula boneti akuyasamula. Domingas anamukankha, natsegula yekha kabotolo kaja, naviikamo chala. Anatikita ndi chinzake.

Thovu.

Ananunkhiza. Sopo waufa, yemweyo wochapira matewera.

"Maiwe," anatero Passmore. Tulo tonse tinamuthera.

"Lowa pansi. Yang'ana paipi ya tayala lakumanja."

Analowa. Anakhalako nthawi. Potuluka nkhope inali itatuwa.

"Yaphwanyidwa, amai. Yaphwatalala ngati supuni. Wakuuzani ndani?"

Domingas anazula kiyi, namumangirira pa ngodya ya chitenje, nalowetsa mfundoyo m'chiuno.

"Koma fodya, amai! Malo athu kumsika ndi a mawa. Ndikhoza kutsika pa giya yoyamba, pang'onopang'ono..."

Mbama inamveka mpaka kukhola la nkhuku.

"Ndinaika bambo ako. Ndinaika akulu ako awiri. Iwe sindikuika chifukwa cha masamba. Mkazi wako akwera ngolo mpaka pamsewu, apeza kombi. Fodya adikire. Mota iyi ikasuntha pano, isunthe itandiponda ine."

Anakhala pansi kutsogolo kwa tayala, natsamira, ndipo kunacha ali pomwepo.

Dzuwa litakwera, ngolo itanyamuka ndi Nomatter, Domingas anatsikanso Gomba atanyamula kapu ya madzi aja a m'kabotolo. Pa mlatho panalibe chachilendo. Chipilala chothyoka, zitsulo zake zadzimbiri zili pamtunda, ana akuchapa miphika kumunsi. Patapata yake yokha anaipeza itaikidwa bwinobwino pamwamba pa chipilalacho. Anaiyang'ana. Anaivala. Sanaime kawiri.

Jealous anali pabwalo, akusukusula. Domingas anatakasa kapuyo ndi chala mpaka thovu linasefukira, namuthira nalo pa mapazi.

"Chapani nawo. Ndi anu."

"Mai Passmore, ndi chiyani..."

"Mbuzi yabere ndinagula nayo madzi a sopo? Sopo ndili naye kunyumba. Madzi ndimatunga ndekha."

Jealous anayang'ana thovulo, nayang'ana kumbali.

"Onse amatero, mai. Mafuta enieni avuta kupeza. Sopo amaterera mofanana, pachidikha palibe kusiyana. Ndimati ndidzasinthe ndikapita kutauni."

"Ife timakhala pachidikha? Ndi paipi mwaiphwanya ija, mumati mudzaiwongole mukapita kutauni?"

Anamusiya akusakasaka mawu, napita pamtengo paja, nayamba kumasula chingwe. Ana a mbuzi anabwera okha kutsatira mayi wawo.

"Ana amenewo anabadwira pano!" anakuwa Jealous.

"Wanga anabadwira ku Concession, ndipo mumafuna kumupha pano. Tiwerengerane?"

Lilian anali atatuluka, mtsuko uli m'manja. Domingas anakulunga chingwe padzanja, natembenuka.

"Ndatsala pang'ono kuiwala. Ndili ndi uthenga wanu. Ndaupeza pa mlatho usiku. Bambo wa ovololo, wa jombo imodzi."

Madzi amene Jealous anali nawo m'manja anatayikira pansi.

"Akuti munamutuma akaiyese pa Gomba. Akuti Bizwell akuti sinagwire."

Mtsuko wa Lilian unasweka.

Jealous anakhala pansi pomwepo, m'matope a sopo. Amene analankhula anali mkazi wake, maso ali pa zigoba za mtsuko.

"Bizwell anali dalaivala wa papulazi, nthawi ya mzungu. Inu musanabwere. Bambo awa ndi amene anali makaniko. Tsiku limenelo mota inkayenera kunyamula azimayi osankha fodya, bambo awa anati Bizwell ayambe watsika yekha. Anthu anamuchotsa pa mlatho paja. Jombo yakumanja anachita kuidula, inakanirira pansi pa chopondera. Tinamuika m'mabulugamu, phazi limodzi lili pamtunda."

"Mota yake iti?" anafunsa Domingas, ngakhale yankho ankalidziwa.

Lilian anangoyang'ana kumtunda, kukomboni.

Domingas anamva kuzizira kukukwera kuchokera ku patapata ija mpaka m'mutu. Anakulola kufika. Kenako anakubweza pansi, chifukwa ntchito inali isanathe.

"Ndiye mwamva," anauza Jealous. "Mbuzi ndatenga, koma mabuleki mukadali nawo ngongole. Gulani mafuta enieni ndi paipi. Nyamulani masipanala. Mukwere nane tsopano lino, dzuwa likuswa mtengo, mukakonze chimene munawononga. Podutsa mumuyankhe mnzanuyo nokha. Ine sindine mtumiki wa anthu akufa."

Jealous anayang'ana msewu wotsikira ku mlatho. Thukuta linkayenderera m'khosi mwake.

"Tengani mbuzi, mai. Tengani ndi ana. Tengani masipanala onse, mupatse wina akakonze."

"Ndati mukwere."

"Pa mlatho paja sindidutsa."

"Lero lokha."

"Sindidutsa!"

Domingas analavula pambali, natola bokosi la masipanala, nalisenza pamutu, nakoka mbuzi yake kulowera ku Gomba.

"Khalani," anatero osacheuka. "Ndikamuuza kuti mwakana. Njira ya kuno akuidziwa."